Kukasaka Galimoto ya aNgozo ku Blantyre

Pakhoma la pabalaza kwa agogo anga ku Mlangeni pali chithunzi chimene mwana saloledwa kuchigwira. Ndi cha agogo aamuna, aNgozo, adakali mnyamata ku Joni: suti yothina, chipewa chopendekera kukhutu, phazi limodzi pabampala ya galimoto yaitali yonyezimira. Adachitumiza kuchokera kumigodi pomwe ankafunsira agogo aakazi, anaPhiri, ndipo m'kalata adangolemba kuti, "Iyi ndi yathu." Akuti chithunzicho chidayenda nyumba ndi nyumba mudzi wonse, mpaka amalume awo a anaPhiri, amene poyamba ankati aNgozo ndi mnyamata wopanda ndi mbuzi yomwe, adasintha maganizo tsiku lomwelo.

Galimotoyo sidafike. Chifukwa chake aliyense kwathu amachidziwa pamtima. Pobwera kumudzi aNgozo adakwera ndege ya anthu akumigodi, galimoto n'kusiyira mnzawo wina dzina lake Laitoni kuti abwere nayo pamsewu. Laitoni adabwera nayodi, koma atafika pa Zalewa, m'malo mokhotera kwathu adakhotera ku Blantyre, osaonekanso. Kuyambira pamenepo anaPhiri mvula ikawapeza panjira amangoti, "Laitoni!" Thumba la kachewere likawalemera pamutu, "Laitoni!" Ine mpaka ndili Sitandade 2 ndinkayesa kuti Laitoni ndi dzina lina la Satana.

Ine ndine Tiyamike, ndili Fomu 3, ndipo anthu amati ndili ndi mtudzu, koma ndi mabodza. Chule uja adapezeka m'nsapato ya ametironi adalowa yekha, ine ndidangomulozera njira. Kwathu mdzukulu wamkazi ndi mkazi wamng'ono wa agogo ake aamuna, choncho aNgozo amanditcha "mkazanga" ndipo anaPhiri amanditcha "mkazi mnzanga". Chibale chimenechi ndi chokoma. Chimandilola kulankhula zinthu zoti mayi anga atazilankhula, abale angakhalirane pansi.

Ndiye kudabwera uthenga woti msuweni wanga Esinta, mwana wa amalume a ku Chilomoni, ali ndi chinkhoswe Loweruka masana. Zaka zonsezi anaPhiri adali asanapondeko ku Blantyre. Ku Lilongwe adapitako, ku Zomba adapitako kumaliro, koma ulendo wa ku Blantyre ukati uchitike, aNgozo ankapeza chifukwa. Ulendo uno adayesanso.

"Miyendo yanuyo, anaPhiri. Ku Blantyre n'kwa zitunda."

"Kuno n'kwa chigwa?"

"Nanga nkhukuzi atisungira ndani?"

"Zidzisunga zokha, n'zazikulu. Ine ndikupita. Ndikavine chinkhoswe cha mdzukulu wanga, ndikaonenso galimoto yanga ndisanafe."

Adachotsa chithunzi pakhoma, kuchikulunga m'mpango, n'kuchiika m'chikwama pamodzi ndi buku la nyimbo. Ine adanditenga kuti ndikhale maso awo, ndinyamulenso thumba la kachewere la amalume. Ndidayang'ana aNgozo. Munthu woti akupita kukapeza galimoto yake yobedwa amayenera kuoneka wolusa kapena wosangalala. Iwo adangooneka ngati mwana amene waitanidwa ku ofesi ya ahedi.

Tidafika pamsewu dzuwa likungotuluka, kuzizira kwa ku Mlangeni kukuluma makutu. Minibasi yoyamba idatidutsa. Yachiwiri idaima, kondakitala n'kulumpha isanaime bwinobwino.

"Limbe-Blantyre, amadala! Malo alipo, anthu atatu okha n'kumapita!"

Ataona thumba lija adati nalonso lilipira ngati munthu. AnaPhiri adati ngati ndi munthu, alipatse mpando wapawindo ndipo alifunse komwe litsikire. Anthu adaseka, thumba n'kulowa pansi pa mpando, mapazi anga pamwamba pake, mawondo kukhudza chibwano. ANgozo, poti ndi achikulire ndipo adavala suti, adawapatsa mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Pa boma la Ntcheu tidakhala nthawi yaitali. Anthu asanu amene tidawapeza m'minibasi muja adatsika mmodzimmodzi, ndiye tidazindikira kuti sadali apaulendo, adali anyamata oitanira ongokhala kuti iwoneke yodzaza. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Mayi wina wobereka mwana, amene adakhala pafupi ndi ine, adati akachitanso kachitatu atsika akakwere ina. Adachita kasanu. Mayiyo sadatsike.

Tili chidikirire, anaPhiri adandigwira phewa. Kuseri kwa galaja ina kudali chigoba cha galimoto yakale chitakhala pa njerwa, dzimbiri lokhalokha, nkhuku ikuikira pomwe padali mpando.

"Mkazi mnzanga, tayang'ana. Si imeneyo?"

ANgozo adatembenuka msanga kuposa msinkhu wawo. "Ndi imeneyo kumene! Ha, Laitoni wandiwonongera galimoto. Basi, yafa. Tiiwale, anaPhiri, za dziko n'zotsala."

AnaPhiri adamasula mpango, n'kundipatsa chithunzi. Ndidayang'ana uku, ndidayang'ana uko.

"Agogo, yapachithunziyi ili ndi zitseko zinayi. Iyo ndi pikapu."

ANgozo adandiyang'ana pagalasi la dalaivala, maso okhaokha. Ine ndidawamwetulira.

Tidanyamuka titapanikizana anthu asanu pampando wa atatu. Pa Kampepuza adakwera bambo wina ndi nkhuku ziwiri ndi wailesi, kondakitala n'kukhala theka mkati theka panja. Titadutsa Chingeni mphepo ya kwathu idatsalira m'mbuyo, kudayamba kutentha, milambe n'kuyamba kuoneka. AnaPhiri adali atauza kale minibasi yonse mbiri ya Laitoni. Bambo wankhuku adati anthu a ku Blantyre ndi otero. Mayi wobereka mwana adati iye ngwa ku Ndirande, ndipo bamboyo asamale pakamwa pake.

Tisanafike pa Phalula minibasi idatsokomola kawiri n'kuzima. Tidatsika tonse. Kunalibe nyumba pafupi, kunalibe mthunzi woti n'kutchula, mbuzi zokha zikutiyang'ana. Kondakitala adatumidwa kukasaka madzi ndi chigubu, adapita ngati wapita kukakwatira. Dalaivala adatukula mpando wakutsogolo, kulowetsa mutu mu injini, kugogoda apa, kuyamwa paipi apo, kulavula, kenako adati:

"Pali wodziwa galimoto pano? Wina akhale pachiwongolero, apotokole kiyi n'kuponda moto ndikamuuza."

"Alipo!" adakuwa anaPhiri. "Amuna anga awa ankayendetsa yawoyawo ku Joni, inu musanabadwe. Pitani, aNgozo, mukawathandize anawa."

"Aikona, anaPhiri, suti yanga ida."

"Vulani jekete, ndikugwirirani."

Anthu onse adawayang'ana mwaulemu. Sakadathawa. Adakwera pang'onopang'ono, adakhala, adagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati akupeta mpunga. Ine ndidakaima pawindo kuti ndione bwino. Adayang'ana pansi pomwe pali zopondera zitatu zija, n'kuziyang'ana nthawi yaitali ngati akusankha nyemba.

"Pondani moto, amadala!"

Mawaipa adayamba kuvina pagalasi louma.

"Moto, amadala, moto!"

Hutala idalira mwamphamvu mpaka dalaivala adadzigunda mutu kumpando, nkhuku za bambo uja n'kuyamba kulira, mwana wa mayi uja nayenso.

"Magalimoto a masiku ano!" adatero aNgozo akutsika, thukuta lili kamukamu. "Zinthu adazisokoneza. Yathu sinali chonchi."

Mayi wa ku Ndirande uja adandipatsa mwana wake, adakwera, adapotokola kiyi, adaponda kamodzi, minibasi n'kulira. Adatsika, n'kutenga mwana wake. AnaPhiri adali kalikiliki kukupiza aNgozo ndi buku la nyimbo, akuti dalaivala ndi wamwano pokalipira munthu wamkulu. Tidadikirabe kondakitala, amene adabwera ndi theka la chigubu ndi chimanga chowotcha chakechake.

Pa Zalewa apaulendo onse amatsika kuti apolisi aone katundu, ndiye mumayenda pansi kukadikira minibasi kutsogolo. AnaPhiri adaima pamphambano, adaloza msewu wochokera ku Mwanza n'kuuza bambo wankhuku kuti, "Apa ndi pomwe adakhotera, mfiti ija." Kenako adapita kukatsutsana ndi ogulitsa mtedza. Ine ndidatsala ndi aNgozo pansi pa kamtengo.

"Amunanga," ndidatero chapansipansi, "buleki ndi iti, yapakati kapena yakumanja?"

"Iwe, usandiyese mwana."

"Ndangofunsa. Mayeso a sayansi ali pafupi."

Adavula chipewa, adachiyang'ana mkati, adachivalanso.

"Mkazanga, ukufuna mazira owiritsa?"

"Awiri. Ndi fanta."

Nditayamba kusenda dzira loyamba adayamba kulankhula, maso ali kumtsinje wa Shire. Adati Lamulungu lililonse anthu akumigodi ankavala bwino n'kupita m'tauni, ndipo kudali wojambula wina amene ankadziwa msewu umene mabwana ankaimikako magalimoto akapita kutchalitchi. Umasankha yokukonda, kuika phazi pabampala, iye n'kujambula msangamsanga eni ake asanatuluke. Ndi momwe ankachitira onse. Nanga ukadatumiza kumudzi chithunzi uli ndi fosholo, matope mpaka m'makutu, ndani akadakulola?

"Nanga Laitoni?"

"Kulibe Laitoni. Nditafika pakhomo, funso loyamba la agogo akowa lidali la galimoto. Ndidangotchula dzina limene lidabwera."

Ndidatsamwa ndi dzira. Adandimenya kumsana mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

"Tamvera, Tiyamike. Agogo akowa akadziwa, ine pakhomo paja ndatha. Zaka makumi asanu akhala akuuza anthu kutchalitchi, kumsika wa ku Lizulu, paliponse. Adzachita manyazi, ndipo manyazi awo adzathera pa ine. Usawauze. Lumbira."

"Sindiwauza, agogo. Pakamwa panga sipatuluka mawu amenewo."

Ndipo sipadatuluke. Amene akufuna kundiweruza akumbukire zimenezo.

Kuchokera pa Zalewa tidayenda bwino, kupatula kuti pa Lirangwe kondakitala adatigulitsa kwa minibasi ina chifukwa yathu idati ikubwerera, ndipo pa Lunzu thumba la kachewere lidatsala pang'ono kutsika ndi munthu wina. Tidalowa mu Blantyre dzuwa lili pamutu. Amalume adati pafoni tiwadikire m'tauni pamsewu wa mabanki, akubwera pompano, angotula kaye mipando ya pachinkhoswe. Amene amawadziwa amalume anga akudziwa kuti pompano wawo amatha kufika mawa.

Tidasenza thumba mpaka pamsewupo. Poti lidali Loweruka masana, maofesi ambiri adali otseka, msewu uli phee, ndipo m'mbali mwake mudaima magalimoto ochepa. Pakati pa atsopano ofananafanana aja, ndidaona kena kobulungira ngati chikumbu, kachikasu, konyezimira moti ndidadziona mano pachitseko chake. Kutsogolo pang'ono kudali ina yakuda, yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Mlonda wa pasitolo ina adatiuza kuti eni magalimoto akalewa amawatulutsa Loweruka lokha, amadzamwa khofi kapena kumetetsa, kenako n'kukawatsekeranso ngati akwatibwi.

Apa aNgozo adaiwala mantha. Adayenda molunjika kwa kachikumbu kaja manja ali kumbuyo.

"Mkazanga, bwera uone. Aka injini yake ili kumbuyo, kutsogoloku n'koika katundu. Sikamwa madzi aka, kamazizira ndi mphepo. Kakamabwera umakamva kali kutali, kamalira ngati makina osokera."

Adapita pa yakuda ija, adawerama, adayang'ana mkati atatchinga maso ndi dzanja. Adandionetsa mipando yachikopa yofiira, matabwa osalala pomwe pali mawotchi, kagalasi kakang'ono kapakona kamene amati ukakatsegula mphepo imakumenya pachifuwa pokha. Adati iyi inali ya madokotala ndi mabwana a mgodi, ndipo mwiniwake wa iyi ndi munthu wosamala, taona ngakhale timabawuti ta nambala n'topukutidwa. Kenako tidapeza kapikapu kobiriwira kokhala ndi matabwa opaka vanishi kumbuyo, adakazungulira kawiri akuguguda lilime. Kunena zoona, munthuyu magalimoto amawadziwa, kunja kwake kokha. Zaka zonse za ku Joni ankangowayang'ana.

AnaPhiri ankabwera pambuyo ndi chithunzi, kuyerekeza iliyonse. "Iyi ayi, yafupika. Iyi ayi, maso ake ndi aang'ono."

Ndiye tidafika pakona. Ine ndi aNgozo tidaiona nthawi imodzi. Idaima pamthunzi kutsidya kwa kamsewu kolowera kumbali: yaitali, yofiirira ngati chitedze chakupsa, denga loyera, matayala okhala ndi mkombero woyera, kumbuyo kuli timapiko tiwiri tosongoka. Bampala yake idali yomweyo ya pachithunzi, moti ndikadatha kuloza pomwe padali phazi.

ANgozo adandigwira dzanja. "Tiyeni uku, anaPhiri, ndaona pogulitsa mandasi."

Ndikuvomera kuti ndidaganizapo. Ndidaganiza za mazira aja, ndi za nkhope yawo pa Zalewa. Koma ndidaganizanso kuti mwayi wotere subwera kawiri, ndipo ndikaulola kudutsa ndidzadandaula mpaka ku ukalamba. Sindidalankhule za Laitoni. Ndidangokweza chala.

"Agogo, taonani uko."

AnaPhiri adayang'ana galimoto, adayang'ana chithunzi, adayang'ananso galimoto. Adawoloka msewu osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

"Si imeneyo!" adakuwa aNgozo akuwathamangira. "Yathu inali yobiriwira!"

"Penti amasintha, agogo," ndidatero. "Wakuba aliyense amayamba ndi penti."

"Nambala si imeneyo!"

"Akatha penti amabwera ku nambala."

AnaPhiri adayala chitenje pansi, adakhala, n'kutsamira tayala lakutsogolo, miyendo tambasu ngati ali pamphasa kwawo. Adandiuza kuti ndiike thumba la kachewere patsogolo pa galimoto kuti isathawe. Mlonda uja adabwera akuthamanga.

"Amayi, pamenepo sipokhala! Eni ake akakupezani!"

"Eni ake ndi amene wawapezawa. Pita ukaitane amene wabwera nayo."

Anthu adayamba kusonkhana, ogulitsa mayunitsi, anyamata otsuka magalimoto, amayi a nthochi. AnaPhiri ankaonetsa chithunzi kwa aliyense, ndipo aliyense ankavomereza kuti ndi yomweyo. Mafoni adatuluka. Ine ndidakhala pathumba la kachewere pomwe ndimaona zonse bwino.

Mwiniwake adatuluka mometera tsitsi, mbali imodzi ya ndevu isanathe. Adali bambo wa imvi pang'ono, wovala kabudula ndi nsapato zoyera, wooneka wofatsa. Adagwada pang'ono polonjera anaPhiri.

"Mwaswera bwanji, amayi? Kaya pali vuto?"

"Ndaswera. Galimotoyi mudaitenga kuti?"

Adayankha mwaulemu kuti idali ya malemu bambo ake, amene adaigula kwa bwana wina wa kuminda ya tiyi iye asanabadwe, ndipo iye wakhala akuisamala ngati mwana, zitsulo zina kuchita kuitanitsa kunja.

"Bambo anuwo dzina lawo ndani?"

"AMbewe. Adali aphunzitsi."

"Laitoni Mbewe?"

"Ayi, amayi. Yosefe."

"Maina amasintha," ndidatero ndili pathumba paja. ANgozo adandiponda chala dala.

Apa zinthu zidayamba kutentha. Mnyamata wina kumbuyo adati, "Anthu olemerawa ndi choncho, kubera agogo akumudzi." Wina adati aitane apolisi. Nkhope ya aMbewe idasintha. Adasiya kumwetulira, adaimirira bwinobwino, adati bambo ake adaphunzitsa ana zaka zambiri osaba ndi choko chomwe, ndipo sangalole kuti atchedwe wakuba pamsewu ali m'manda. Ine apa ndidasiya kugwedeza miyendo. Adatembenukira kwa aNgozo, amene tsopano adali atazembera kumbuyo kwa anthu ngati sali nawo.

"Bambo, apachithunzipa ndinu? Mukuti galimotoyi ndi yanu?"

ANgozo adayamba kukonza jekete ngati sadamve.

AMbewe adapisa m'thumba, adatulutsa makiyi. "Galimoto iyi ili ndi kalizidwe kake. Amene adakhalapo nayo saiwala. Ilizeni. Ikalira, tipite limodzi kupolisi ndikayankhe."

Anthu adapatuka. ANgozo adalandira makiyi. Adayenda mpaka pachitseko, adachisisita ndi nsonga za zala. Adayang'ana aMbewe, adayang'ana anthu, potsiriza adayang'ana anaPhiri pansi paja. Kenako adabweza makiyi ndi manja awiri, n'kuvula chipewa.

"Mwananga, bambo ako sadabe kanthu. Galimotoyi si yanga. Ya pachithunziyonso sinali yanga, ndidangojambulitsirapo. Ine chibadwire sindidayendetsepo galimoto." Adatembenukira kwa akazi awo. "AnaPhiri, Laitoni kulibe. Ndidanama."

Ine ndidakonzeka kuthawa, chifukwa ndimawadziwa anaPhiri akapsa mtima, amagenda ndi chilichonse chili pafupi, ndipo pafupi padali kachewere.

Adadzuka pang'onopang'ono atagwira bampala. Adakutumula chitenje, adachipinda kanayi.

"Mwatenga nthawi," adatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndati mwatenga nthawi, aNgozo. Chaka chimene mudatumiza chithunzichi, ndidapita nacho kuchitsime kuti ndikanyadire anzanga. Ndidapeza anaBanda ali ndi chawo, anaChisale ali ndi chawo. Titaziika pamodzi, amuna atatu, galimoto imodzi. Nambala yomweyo. Ndi chipewa chomwe chidali chimodzi."

Wina m'gulu muja adaphulika kuseka, kenako onse.

"Tidapangana kuti tisanene, tione amene ayambe kuvomera. Amuna a anzanga aja adangoti adagulitsa, nkhani n'kutha. Inu nokha mudawonjezerapo munthu. AnaBanda adapita, anaChisale adapita, onse osamva chilungamo. Ine ndidati ayi, sindifa ndisanamve ndi makutu anga."

ANgozo adakanikiza chipewa pachifuwa. "Nanga zaka zonsezi mwakhala mukutukwana Laitoni?"

"Mumayesa ndinkatukwana ndani?"

Mlonda adakhala pansi ndi kuseka. AMbewe adatsamira galimoto yawo akupukuta misozi. Ine ndidaseka mpaka ndidagwa pathumba, ngakhale kuti pansi pamtima zidandiwawa pang'ono: ndinkayesa kuti msampha ndatchera ndine, osadziwa kuti nanenso ndidali nyambo ya mkazi mnzanga kuyambira ku Mlangeni.

AnaPhiri adatembenukira kwa aMbewe, adagwada mpaka pansi ngakhale mawondo awo ndi ovuta, n'kuwomba m'manja. "Pepani, mwananga. Ndakuchititsani manyazi pa nkhani ya m'nyumba mwanga. Bambo anu agone mumtendere, ndi munthu wabwino, mwana wawo akuoneka." Adandilamula kuti ndimasule thumba ndiwapungulire kachewere, wa ku Mlangeni weniweni, osati wamadzimadzi amene amagula m'tauni. AMbewe adakana kawiri, kachitatu adatsegula buti. Atamva kuti tikudikira amalume kuti atitengere kuchinkhoswe, adati ndevu zinazo akametetsa mawa, tikwere.

AnaPhiri adakhala kutsogolo, chigongono pawindo. Ine ndi aNgozo kumbuyo, mpando wofewa ngati matiresi, fungo la chikopa ndi polishi. Injini idalira pansipansi. ANgozo sadandiyang'ane njira yonse, koma ndidawaona akusisita chitseko mwakabisira.

Chimene tonse tidaiwala n'choti ku Chilomoni kudadzaza abale, ndipo m'bale aliyense wa ife adakula akuona chithunzi chija. Titangokhotera pageti, azakhali ena adaponya mbale pansi.

"Galimoto ya aNgozo! Yapezeka! Galimoto ya aNgozo yapezeka!"

Nthungululu zidabuka. Amayi adasiya miphika, adayala zitenje pansi kuti matayala apondepo, akuchimuna amene sankadziwa kalikonse nawonso adayamba kuwomba m'manja. Amalume, amene adali asananyamukebe kukatitenga, adabwera akuthamanga ndi mpando m'manja.

"Amayi, n'zoona? Ndi yomwe ija?"

ANgozo adatseka maso kudikira chigamulo. AnaPhiri adatsika mwaufumu, adakonza duku, adayang'ana khamu lonse.

"Ndi yomweyo. Koma tamusiyira mwanayu aziisunga. Misewu ya kwathu ingaiwononge."

AMbewe adaluma mlomo, adagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa udindo waukulu. ANgozo adatsegula diso limodzi, kenako linalo. Adatsika, adakonza jekete, adamenya boneti kawiri ndi chikhatho, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Uziipukuta bwino, mnyamata. Ndizibwera kudzaiona."

Chinkhoswe chidayenda bwino, Esinta adalandira mwamuna wake, ife tidabwerera Lolemba pa basi yaikulu yosafuna thandizo la munthu. Mayi anga mpaka lero akundifunsa chimene chidachitika ku Blantyre, chifukwa aona zachilendo pakhomo: masiku ano aNgozo akafuna kundituma madzi akumwa, amayamba ndi "chonde", ndipo ndikati ndatopa, amadzuka kukatunga okha.